Chitseko cha m'chigafa

Mayi anga ankadana ndi kunyamulidwa. Ngakhale pa njinga sankafuna kukwezedwa. Munthu akawaimira pa msewu wopita kwa Kabudula nkunena kuti, "Kwerani amayi, ndikakutuleni," iwo ankayankha kuti, "Zikomo bambo, miyendo ndili nayo. Ine ndidzanyamulidwa kamodzi, popita kumanda." Ife tinkaseka, koma iwo sankaseka. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo mayi anatilera ana anayi ndi khasu, osapempha ngakhale mchere pa khomo la munthu. Kuyenda ndi miyendo yawo ndicho chuma chomwe ankanyadira.

Msana unawayamba zaka zija matipate atangobwera, fodya wa bale ataloledwa kwa aliyense. Mudzi wathu wonse unachita ngati wapenga. Aliyense anamanga chigafa, ngakhale uja analibe chimbudzi. Amene sanalimepo fodya amaona ngati ndi masamba chabe, koma fodya amadya msana. Ku nazale umawerama, powokera umawerama, pothyola umawerama, ndipo posoka umakhala pansi miyendo ili tambalale kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zilowe. Mayi anali msoki wa liwiro, woti atsikana awiri sankawapeza. Patapita zaka zingapo anayamba kudzuka pa mphasa m'magawo. Ankayamba bondo, kenaka dzanja pa khoma, nkupuma kaye, kenaka thupi lonse.

Ululuwo unkayambira m'chiuno nkutsika ndi mwendo wamanzere mpaka ku chidendene. Ankati uli ngati waya wamoto. Tinayesa zonse zomwe anthu amayesa. Mapiritsi a m'golosale anamwa mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Ine ndinkawathowa ndi nsalu ya madzi otentha madzulo alionse. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi ena nkuwauza kuti apume, asamawerame, asamasenze. Malangizo abwino ndithu, koma mlimi wa fodya sungamuuze kuti apume mwezi wa Febuluwale. Azakhali ena anabwera ndi nkhani ya mphini, mayi nkuwafunsa kuti, "Ndiye Lamulungu ndikakhale pa benchi ya kutsogolo ndi mphini ku msana?" Nkhaniyo inathera pomwepo.

Ndodo anaikana. Ankati wagwira ndodo, machira ali pafupi. M'malo mwake ankayenda ndi khasu kulikonse, ngakhale popita kukazonda wodwala, kuti anthu aziti akuchokera ku munda. Mudzi wonse unkadziwa ntchito ya khasulo, koma palibe amene ananenapo kanthu.

Pakhomo tinalipo ochepa. Alongo anga atatu onse anali ku chikamwini, wina ku Nsaru, awiri cha ku Mpingu. Mwana wamkazi ndinali ndekha, choncho ndine ndinatsala pa malo a mayi, ndikuphunzitsa pa pulayimale ya pafupi, m'kalasi momwe ana ankachita kukhalirana pa miyendo chifukwa cha sukulu yaulere. Amuna anga anachokera cha ku Nambuma kudzakhala chikamwini. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wa manja odziwa matabwa, ndiponso wa ulemu wopitirira muyeso. Ndinawakonda chifukwa cha ulemuwo. Lero ndikaukumbukira ulemu womwewo, mtima umandiwawa.

Achinyamata a lero sangamvetse mmene mkamwini ndi apongozi ake ankakhalira. Awiriwa sankayang'anana ku maso, sankadyera pamodzi, sankakhala pa mphasa imodzi, kukhudzana ndiye sitinena. Akakumana pa njira, amuna anga ankapatukira m'tchire ngakhale muli chitedze, nkunjuta, nkupereka moni akuyang'ana kumbali. Mayi nawo ankagwada tsidya linalo, msana ukuwawa chomwecho. Mabanja ena amathetsa manyaziwa ana akabadwa. Kwathu ana anabadwa awiri, manyazi ali pomwepo, chifukwa onse awiri ankanyadira kuti mwambo akuusunga. Ine ndinali lamya yawo. "Uwauze bambo a m'nyumbamo kuti ng'ombe zalowa m'dimba," ankatero mayi, bambowo ali chiimire kuseri kwa nkhokwe, akumva zonse. Iwo nkuyankha kuti, "Muwauze apongozi kuti ndamva." Masiku ena ndinkangokhala duu pakati pawo, uthenga nkudutsa wokha.

Chitseko chinabwera chifukwa cha msana wa amuna anga, osati wa mayi. Nawonso mabelo anali atawapweteka. Chaka china, akudikira fodya wawo ku okushoni, anayendayenda m'tauni nkulowa m'sitolo ina yogulitsa katundu wakale wochokera kunja. Mmenemo anaona bedi lachitsulo lachilendo. Munthu amaligonera, nkumangidwa m'akakolo, kenaka bedilo limapendekeka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Wogulitsa anati ndi la msana, kulemera kwa thupi kumakoka mafupa nkuwamasula. Anawalola kuyesa. Mtengo wake anangoumva nkuseka, koma maso awo anali atajambula kale zonse.

Atafika kumudzi anatenga chitseko chakale cha mlombwa chomwe chinali kuseri kwa khitchini, nkuchikhomera pa paipi yachitsulo cha pakati pake. Paipiyo anaigoneka pa mphanda ziwiri zozika m'chigafa, kuti chitsekocho chizipendekeka ngati sikelo ya pa msika. Ku miyendo anakhomako thabwa lopondapo, ndi malegeni okulunga m'nsanza omangira akakolo. M'mawa ankadzimanga okha, nkudzikankha ndi manja pa mphanda mpaka mutu utsike. Akatopa ankadzikoka ndi mphanda yomweyo nkubwerera. Anzawo ankabwera kudzasuzumira. "Achimwene, fodya watha kodi, kuti mwayamba kudziyanika nokha?" Ena ankawatcha mleme. Koma mleme uja anayamba kunyamula belo osabuula, ndipo osekawo anayamba kubwera mmodzimmodzi, mwakachetechete, kudzapempha kuti akwereko.

Mayi ndinawauza ndine kuti nawonso akwere chitsekocho. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Iwe, ine mzimayi wamkulu, miyendo m'mwamba? Pa chitseko cha apongozi anga? Sukulu yakupengetsa eti?"

Ndinangosiya. Chomwe chinawatembenuza si mawu anga. Lamulungu lina analephera kufika ku tchalitchi. Anakhala pansi m'mbali mwa njira pafupi ndi dambo, khasu lili pambali, ndipo bambo wina wa ngolo anaima nkuwapempha kuti akwere. Anakana. Anabwerera ku nyumba okha, kuyenda pang'ono, kukhala pansi pang'ono, mpaka anafika dzuwa litapendeka. Madzulo ake ndikuwathowa anandifunsa, nkhope ili ku khoma, "Chitseko chija, munthu akazondoka nsalu imatani?"

Za nsalu zinali zosavuta. Ndinkawaveka zitenje ziwiri nkuzimanga ndi luzi m'maondo ndi m'akakolo, ngati mtolo wa nzimbe. Vuto linali lina. Chitsekocho anachiyeza pa thupi la amuna anga. Mayi anali aafupi ndi ojintcha, ndiye chikapendekeka chinkapita ndithu, ndipo sichinkabwerera. Manja awo sankafika pa mphanda. Pankafunika munthu wa mphamvu wochitsitsa pang'onopang'ono, kuchigwira, nkuchidzutsa. Ine ndinali ndi bala la opaleshoni ya mwana wachiwiri, lomwe silinkafuna ngakhale ndowa yodzaza. Zoitana mzimayi wa khomo lina mayi anakaniratu. "Mawa pa mjigo nkhani ikhale ine?" Munthu wa mphamvu pakhomopo anali mmodzi, ndipo ndi yekhayo amene sankayenera kuwaona.

Amuna anga anaganiza masiku angapo, nkupeza nzeru yomwe pa nthawiyo ndinaiyamikira kwambiri. Anadula chigafa pakati ndi mpanda wa tsekera wothithikana, woti ngakhale kuwala sikunkadutsa. Anamanga chingwe cha khonje ku mutu kwa chitseko, nkuchidutsitsa pa mtanda wa denga, nkuchitulutsira pa kabowo ka mu mpandamo. Iwo ankakhala tsidya linalo, chingwe chili m'manja. Ngakhale panali mpanda, ankafulatirabe.

Tinkachita m'mawa ndisanapite ku sukulu. Amuna anga ankayamba kulowa mbali yawo nkutsokomola. Mayi ankalowa mbali yathu nkutsokomola nawonso. Ine ndikawamanga ndinkati, "Tsitsani." Chingwe chinkalira pa mtanda, mutu wa mayi nkumatsika pang'onopang'ono mpaka ndinene kuti, "Basi." Sitinkawazondotsa kwenikweni, tinkangowapendeketsa kuti mutu ukhale m'munsi mwa chiuno. Wotchi sitinkaifuna. Ndinkaimba nyimbo imodzi ya m'buku, ikatha ndinkati, "Kokani." Tsiku loyamba mayi anagwira dzanja langa mpaka zikhadabo zinalowa. Kenaka ndinamva akutulutsa mpweya wautali, ndipo misozi inayenderera cha ku makutu chifukwa cha mmene anagonera.

"Wasiya," anatero. "Iwe, waya uja wasiya."

Atatsika anakonza nsalu zawo, nkuima pang'ono akuyang'ana pansi. "Uwauze bambo a m'nyumbamo kuti zikomo."

"Muwauze apongozi kuti palibe kanthu," anayankha mawu kuseri kwa mpanda.

Sindinama kuti anachira. Chitseko sichinkachiza, chinkangobwereketsa mpumulo. Akakwera m'mawa, tsiku lonse ankayenda bwino, koma akadumphitsa masiku awiri waya uja ankabwerera. Komabe miyezi imeneyo ndi imene ndimaikumbukira kuti tinasangalala pakhomo pathu. Khasu linayamba kutsala pa khonde. Ku tchalitchi ankapita ali njo, mpango woyera pa mutu, nkumawapitirira amayi omwe kale ankawadikirira. Patapita nthawi amuna anga anayamba kuthira besi kuseri kwa mpanda ine ndikamaimba. Tsiku lina mayi, mutu uli pansi chomwecho, anati, "Uwauze kuti mawu ali nawo, koma akuthamanga. Akufuna nyimbo ithe msanga, manja atopa eti?" Kuseri kunamveka kuseka kobisa. M'mawa mwake amuna anga anapeza mbale ya mtedza wophika mbali yawo ya chigafa, ndipo sanafunse kuti wasiya ndani. Pa zaka zonse zomwe anakhala pa khomo limodzi, chingwe chija ndi pomwe anayandikirana kwambiri.

Chinalipo chimodzi chomwe ndinkachiona koma osachimvetsa. Akatsika, maso ankafiira ndipo nthawi zina ankati mutu ukugunda. Kalekale kuchipatala anawauzapo za bipi, nkuwapatsa timapiritsi tomwe ankamwa akakumbukira. Ife tinkaona ngati bipi ndi nkhani ina, msana ndi nkhani ina. Wa sitolo uja sananenepo kanthu, ndipo mwina nayenso sankadziwa.

Pa holide ina, nyengo yosankha fodya, aphunzitsi anatiitana ku maphunziro a sabata yathunthu ku Namitete, kogona komweko. Mwana wamng'ono ndinapita naye, wamkulu anali kwa agogo ake ku Nambuma. Ndisananyamuke ndinawauza mayi kuti azidzimanga okha, apongozi awo azikoka monga mwa masiku onse.

"Popanda iwe ndilankhula ndi yani?"

"Mungonena kuti tsitsani, basi, kokani. Mawu atatu okha, amayi."

"Ndiwalamule apongozi anga ngati ndikuyendetsa ng'ombe? Pita ku sukulu yakoyo. Sabata si chaka."

Ndinatchulanso za mayi wa khomo loyandikana nalo, mzimayi wabwino wosayenda ndi nkhani. Anakana. Amuna anga ndinawauzanso, iwo nkungoti, "Akafuna anena." Ndinanyamuka ndikung'ung'udza kuti anthu awiriwa anapezana.

Lamulungu la sabata imeneyo linali la mgonero. Abusa sankabwera ku nthambi yathu, tonse tinkapita ku tchalitchi chachikulu, tsidya lija la dambo, ulendo wotopetsa ngakhale kwa munthu wa msana wabwino. Mayi anali asanaphonyepo mgonero chilowereni mu mpingo. Pofika Lachinayi khasu linali litabwerera m'manja mwawo. Lachisanu sanatuluke m'nyumba. Amuna anga anatuma uthenga kudzera kwa mayi woyandikana naye uja kuti Lamulungu amanga ng'ombe, ngolo ilipo. Yankho linabwera lakuti zikomo, miyendo ali nayo.

Zomwe zinachitika Loweruka ndinazitola m'zidutswa, kwa amuna anga, kwa mayi woyandikana nayeyo, ndi kwa mayi angawo lilime litayamba kumasuka.

Mayi anadikira kuti amuna anga apite ndi ng'ombe ku dambo. Analowa m'chigafa nkukokera chingwe mbali yawo, kuchichotsa pa kabowo kaja, kuti chizilendewera kuchokera pa mtanda kufika m'manja mwawo. Ankaganiza kuti adzitsitsa okha nkudzikokanso okha. Akakolo anamanga ndi malegeni movutikira, koma mphamvu zowerama kachiwiri kuti amange luzi analibe. Chitenje anangochipanira pakati pa maondo. Atangodzikankhira kumbuyo, chitseko chinapita ndi liwiro, chingwe chinawawotcha m'manja nkupulumuka. Panalibe wonena kuti basi. Chitsekocho chinakaima pomwe chinagunda pansi, mayi ali chadodolido, ndipo nsalu yonse inatsikira ku maso.

Amuna anga atabwerako ku dambo analowa mbali yawo kuti asankhe fodya. Anatsokomola mwa chizolowezi. Anamva munthu akupuma movutikira kuseri kwa mpanda, nkuona kuti pa kabowo palibe chingwe.

"Odi, odi kumeneko."

"Muli anthu!"

Mayi anawayankha monga amayankhira munthu amene ali m'bafa, ndipo mwamuna wolongosoka akamva mawu amenewo amabwerera osafunsa. Amuna anga anatuluka nkukakhala pansi pa mtengo wa mango. Akuti anakhala akudziuza kuti mwina akusintha nsalu, mwina atsika kale. Mtima utakana, anabwereranso, nkugwada pafupi ndi mpanda. Kupatula moni, aka kanali koyamba kuwalankhula mwachindunji chikwatirireni.

"Apongozi, kodi kuli bwino? Ndiponyereni chingwe pa kabowopa, ndikoke. Sindiyang'ana."

"Muli anthu, bambo. Pitani."

Mawuwo akuti anali olemera ngati a munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa. Anatulukanso. Ulendo wachitatu panalibe yankho, koma mkonono. Anagwira mpanda ndi manja awiri. Unali mpanda wa udzu, woti mbuzi imaboola ndi mutu, ndipo anaumanga okha. Anausiya nkutuluka, nkuthamanga kukafuna munthu wamkazi.

M'mudzi munalibe anthu, onse anali ku munda kukumba mtedza. Anagogoda makomo angapo osapeza munthu. Mayi woyandikana naye uja anakampeza ku dimba. Anathamanga onse awiri, mayiyo nkulowa, iwo nkuima panja. Mayiyo anakweza nsalu, nkuwafunditsa ndi chitenje chake chomwe, kenaka anakuwa kuti, "Lowani bambo, ndawafunditsa!" Apa mpamene analowa nkudzutsa chitsekocho ndi dzanja limodzi. Inali ntchito ya kamphindi chabe.

Kuchipatala anapita nawo pa ngolo yomwe anaikana ija. Ulendo woyamba kunyamulidwa sanaudziwe nkomwe.

Uthenga unandipeza ku Namitete masana. Nditafika kuchipatala ndinapeza mayi atatsegula maso, koma pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wamanzere zili lende. Adokotala anati ndi sitiroko. Nditawafotokozera za chitseko anati munthu wa bipi sayenera kuzondoka nkomwe, ngakhale pang'ono. Anawonjezera kuti mwina sitirokoyo ikanabwerabe tsiku lina, palibe angadziwe. Ndikudziwa kuti ankafuna kundipepesa, koma sindinapepeseke.

Amuna anga ndinawapeza panja, atakhala pa muzu wa mtengo, chipewa chili m'manja. Ulemu wonse unandithawa.

"Mpanda wa udzu, bambo! Udzu! Mumanyamula belo nokha, udzu unakukanikani?"

"Anati muli anthu."

"Munamva mmene akupumira! Mukanawaona mukanafa kodi?"

Anayang'ana chipewa chawo nthawi yaitali.

"Ine ayi," anatero. "Iwowo."

Mawu amenewo anandikwiyitsa koposa. Ndinakwiyira iwo, ndinakwiyira mayi ali gone pa bedi, ndinakwiyira mudzi wonse. Obwera kudzazonda ankapukusa mitu nkumati manyazi anapha lambe. Mwambiwo ndinaumva mpaka unandikola. Omwe ankaunenawo ndi omwe akanagwa ndi phwete pa mjigo amuna anga akanaboola mpanda uja. Akanaisimba mpaka ku Nsaru nkhani ya mkamwini amene anapeza apongozi ake miyendo ili m'mwamba. Mayi ankawadziwa anthu awo, ndipo amuna anga ankawadziwa mayi.

Atatuluka m'chipatala, alongo anga anabwera, anakhala masiku ochepa, nkubwerera kwa akazi awo. Sindiwanena, nawonso ndi akamwini, fodya wawo ankawadikira. Tinatsala tokha. Kusambitsa, kudyetsa ndi kusintha nsalu ndinkatha. Koma munthu sangagone malo amodzi tsiku lonse. Pankafunika kuwadzutsa, kuwatulutsa kuti awothere dzuwa, kupita nawo kuseri, nkuwabwezanso. Ndinayesa kamodzi, bala langa linandikumbutsa kuti lilipo, tonse awiri nkugwera pa mphasa.

M'mawa mwake amuna anga anabwera okha, osatumidwa. Anagwada panja pa khomo la mayi.

"Odi."

Mayi anatembenuzira nkhope ku khoma. Panja nkhuku zinkapalasa, amuna anga ali chigwadire.

"Amayi," ndinatero, "pano palibe chingwe. Palibenso mpanda. Mugona m'mikodzo?"

Ndinalankhula mwaukali, ndipo ndinaona misozi ikutuluka m'diso la mbali yamoyo. Patapita nthawi anakweza dzanja lamanja, nkukoka mpango wa ku mutu, nkuphimba ku maso. Ndinawakodola amuna anga. Analowa chowerama, nkhope ili kumbali, nkunena chapansipansi kuti, "Pepani apongozi." Analowetsa dzanja limodzi kunsi kwa msana, lina kunsi kwa maondo, nkuwanyamula.

Zinakhala choncho zaka zonse zomwe mayi anakhala ndi moyo, m'mawa, masana ndi madzulo. Mwendo sunabwerere. Ku tchalitchi sanapitenso. Tinkawapempha kuti akwere ngolo, iwo nkupukusa mutu, ndipo mgonero akulu a mpingo ankawabweretsera pa khonde. Khasu lawo linakhala pomwe analitsamiritsa mpaka mpini unafumbwa. Chowawa china nchakuti msana sunasiye. Mbali yakufayo inafa, koma m'chiuno munkawawabe, ndipo tsopano panalibe chochita koma kuthowa.

Chitseko amuna anga anachichotsa tsiku lomwe tinabwera kuchokera kuchipatala. Anazula mphanda, nkugwetsa mpanda, chitsekocho nkuchibwezera kuseri kwa khitchini komwe chiswe chinachipeza. Anzawo aja ankabwera kudzachifunsa, iwo nkungoti chinathyoka. Iwo eni sanakwerenso, ngakhale kuti bipi analibe. Mabelo ndi apongozi pamodzi zinawabwezera msana wawo wakale. Ndinayamba kuwaona akudzuka m'magawo, bondo, dzanja pa khoma, kupuma kaye, kenaka nkupita kukagwada pa khomo la mayi. Ndinawauzapo kuti akonze chitseko china chawochawo. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo sindinabwerezenso.

Anthu ankati popeza zafika apa, manyazi atha. Sanathe. Ine ndinakhalabe lamya. "Uwauze bambo a m'nyumbamo kuti dzuwa lafika pa mwendo," ankatero mayi ndi lilime lolemera, bambowo ali pomwepo akusoka thumba. Mkwiyo wanga unazirala pang'onopang'ono, koma funso limodzi linatsala likundidya. Ndinalisunga nthawi yaitali, poopa kuwapweteka, mwinanso poopa yankho lake.

Ndinadzafunsa madzulo ena, chaka chomaliza, ndikuwapesa tsitsi m'nyumba mwawo. Anali ataonda kwambiri, munthu wojintcha uja.

"Amayi, tsiku lija. Munawamva ali pafupi, mkono umodzi chabe. Bwanji simunangoti lowani?"

"Akanandiona," anatero.

"Nanga pano sakukuonani? Amakunyamulani tsiku ndi tsiku."

"Pano akunyamula wodwala," anatero pang'onopang'ono, akulimbana ndi liwu lililonse. "Tsiku lija ndinali apongozi awo."

Chipeso chinaima m'manja mwanga. Ndinafuna kuwakalipira, ndinafuna kulira, ndipo sindinachite chilichonse mwa ziwirizi. Panja ndinamva mapazi olemera omwe ndinkawadziwa, oyenda motsimphina pang'ono. Inali nthawi yopita nawo kuseri kusanade. Amuna anga anali atawanyamula kale m'mawa ndi masana a tsiku lomwelo, koma anafika pa khomo nkugwada, dzanja limodzi litagwira m'chiuno.

"Odi."

"Lowani, bambo," anatero mayi.

Anakoka mpango ndi dzanja lamoyo lija nkuphimba ku maso, ndipo amuna anga analowa, nkhope ili kumbali, nkuwanyamula.